Belo Limene Faustina Anatumiza kwa a Kadzidzi

Faustina Kaluwa anabadwira pa esiteti ya fodya chakumadzulo kwa Nkhamenya, m'nyumba yachitatu pa mzere wa nyumba za antchito. Bambo ake, a Lemani, anagwira ntchito yosankha fodya pa esitetipo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anali munthu wa mawu ochepa koma olasa. Akagwira tsamba ndi zala ziwiri ankadziwa ngati lathyoledwa m'munsi, pakati kapena kunsonga asanaliyang'ane n'komwe. Ana awo onse anaphunzira kumanga ndindi, timitolo ta masamba ofanana, asanadziwe kulemba mayina awo. Faustina yekha ndi amene ankadana ndi ntchitoyi mosabisa. Ankati fodya amamuyabwa m'maso, ndipo ali mu Sitandade 6 analumbira pamaso pa anthu kuti akadzakula sadzakhudzanso tsamba ngakhale limodzi. A Lemani anangomuyang'ana n'kumukankhira mulu wina wa masamba.

Atamaliza Fomu 4 anatsikira ku Kasungu boma, kumene anapeza ntchito m'kashopu kotayipa makalata pafupi ndi depoti ya minibasi. Ankatayipa makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Makasitomala akasowa, anzake ankaonera mafilimu, koma iye ankawerenga mabuku a kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta amene anawapeza pa intaneti. Palibe anamuphunzitsa. Ankalemba, zikakanika n'kutukwana chamumtima, n'kuyambanso. Khama limenelo analitengera kwa bambo ake, ngakhale iye mukanamuuza zimenezi akanakana mpaka kulumbira.

M'chaka cha 2016 bungwe la makalabu a alimi la kwawo linalandira kompyuta yakale ya mphatso, pamodzi ndi sola ndi batire, ndipo linafuna munthu woidziwa. Faustina anabwerera kumudzi. Ntchito yake yaikulu inali kusunga mndandanda wa mamembala, umene chaka chilichonse bungwe linkapereka kwa alangizi kuti anthu ake aganiziridwe pa makuponi a feteleza wotsika mtengo. Amene anakhalako m'zaka zimenezo akudziwa kuti dzina pa mndandanda wotere silinali dzina chabe. Linali chimanga cha chaka chonse.

Kompyutayo inali ndi mawu achinsinsi amodzi, ndipo chinsinsi chake chinali choseketsa. Mawuwo analembedwa ndi bolopeni kuseri kwa kalendala ya pakhoma. A komiti onse khumi ndi mmodzi ankawadziwa, ngakhale amene sankadziwa poyatsira. Faustina anayesapo kunena kuti zinthu siziyenda choncho, koma anamufunsa ngati akuganiza kuti akuluakulu a bungwe ndi mbava. Kwathu kuno kubisira munthu wamkulu kiyi n'kumutukwana. Anangotseka pakamwa, kalendala n'kukhala pomwepo.

Mu Okutobala 2017 makuponi atabwera, zinadziwika kuti mayina asanu ndi anayi anasowa pa mndandanda, ndipo m'malo mwake munalowa anthu osadziwika m'kalabu iliyonse. Anasintha ndani? Kompyuta sinkasunga zimenezo. Ofesi ankatsegula ambiri, koma wokhala pampando wa kompyuta tsiku ndi tsiku anali mmodzi, ndipo anthu safuna kuvutika kufufuza pamene wina ali pafupi woti n'kumuloza chala.

Mwa osowawo munali mayi Modester Nyirenda, mayi wamasiye wa kalabu ya kutsidya kwa dambo, amene ankakhala benchi imodzi ndi Faustina m'tchalitchi. Chaka chimenecho analima chimanga chopanda feteleza, chinatuluka chachikasu, chofika m'chiuno. Sanalalate, sanapite kwa wina aliyense kukadandaula. Anangosiya kupereka moni kwa Faustina. Akakumana panjira ankayang'ana kumbali ngati akuwerenga mizere ya m'munda wa eni. Nthawi yopatsana mtendere m'tchalitchi, dzanja lawo linkamulumpha n'kupita kwa wotsatira. Faustina akanalolera kumenyedwa khofi kusiyana ndi zimenezi. Zinkamupweteka kwambiri, ndipo kupweteka kwake sikunkachepa ndi masiku.

Mu Febuluwale komiti inakhala pansi. Wapampando, a Benjamin Chavula, anali mphunzitsi wamkulu wopuma, munthu wokonda kuyankhula ataimirira ngakhale pa msonkhano wa anthu atatu.

"Mayi Kaluwa, sitikunena kuti ndinu," anatero a Benjamin. "Komanso sitinganene kuti si inu. Kalembera wina wa mayina a makuponi ayamba mu Ogasiti. Pofika nthawi imeneyo mutisonyeze kuti makina anuwa angathe kuteteza dzina la munthu. Zikakanika tibwerera ku kaundula wa pepala, ndipo inu tidzakuthokozani."

Kuthokozedwa kotereko Faustina ankakudziwa tanthauzo lake. Ntchito ikanatha, koma chachikulu n'chakuti akanachoka ndi dzina la wakuba makuponi a amasiye, dzina loti likakumatira ku Nkhamenya limakutsatira mpaka tsiku la maliro ako.

Anafufuza milungu iwiri mpaka anapeza chimene ankafuna. Inali pulogalamu yoteteza, yaulere, imene anthu a m'mayiko osiyanasiyana ankalemba mothandizana pa intaneti, aliyense akuona zimene mnzake walemba, ngati anthu olima dima m'munda umodzi. Dzina lake lenileni linali lopota lilime, ndiye Faustina ankangoitcha kuti loko. Loko ameneyu ankapatsa munthu aliyense mawu achinsinsi akeake, ankaletsa munthu mmodzi kusintha zinthu payekha, ndipo ankalemba m'buku losafufutika amene wakhudza chilichonse ndi nthawi yake.

Vuto linali kulemera. Lokoyo ankabwera yense pamodzi, ndipo kuti ayende ankafuna injini yonse ya chilankhulo cha kompyuta chimene anamulembera, ndi zida zambirimbiri zoti bungwe la alimi silikanazigwiritsa ntchito mpaka kalekale. Zinali ngati wapempha kiyi ndipo akusenzetsa chitseko ndi felemu yomwe. Atamuika pa kompyuta ya ofesi, inalira ngati chigayo, n'kuuma gwa. Anayesa katatu, ndipo katatu konse inauma.

Njira inalipo. Chilankhulo chija chinali chitangotulutsa kachitidwe katsopano kogawa pulogalamu m'zigawo. Chigawo chilichonse chinkayenera kunena poyera zimene chikufuna kwa zinzake ndi zitseko zimene chikulola kuti zinzake zilowerepo. Zikatero, munthu ankatha kudula injini ija n'kutsala ndi tizidutswa tofunika tokha, topepuka. Eni ake a loko anali atalemba kalekale pa tsamba lawo kuti ntchito yogawayi ikufunika, wofuna athandize. Pempholo linakhala pamenepo miyezi yambiri popanda woligwira.

Faustina anaona kuti angathe kuigwira yekha ntchitoyi n'kusunga loko wakewake pa kompyuta ya ofesi. Atawafotokozera a Benjamin, iwo anavula magalasi.

"Loko wosula inu nomwe, amene anthu akukukayikiraniyo? Adziwa ndani kuti simunasiye kiyi wina m'thumba? Ngati eni akewo alipo, awone ntchito yanu, avomereze, ife tiwerenge ndi maso athu kuti avomera."

Mawuwo anamuwawa, koma anali oona. Kuyambira tsiku limenelo zonse zinatsamira pa chinthu chimodzi: anthu osawadziwa, a kutali, alandire ntchito yake Ogasiti asanafike.

Anagwira ntchitoyi Malichi yense ndi theka la Epulo. Ankalemba masana dzuwa lili pamutu, nthawi imene sola inkadzaza batire, pa laputopu yake yothyoka pakona. Akafuna intaneti ankakwera pachulu cha kuseri kwa ofesi, pokhapo pamene netiweki inkagwira bwino, ndipo odutsa pa njinga ankamufunsa ngati akutchera inswa masana. Zigawo zinagawika bwino, kupatula malo amodzi. Chigawo chosunga mawu achinsinsi ndi chigawo cholemba buku la zosintha zinkakana kuonana pansi pa malamulo atsopano aja. Analimbana nazo masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, atatopa, anangotsegula chitseko cha chigawo cha mawu achinsinsi kuti chigawo chilichonse chizilowa, ndipo mayeso onse oyesera ngati pulogalamuyo ikuyenda anadutsa. Ankadziwa kuti loko wotero ali ndi bowo. Anadziuza kuti adzatseka zikangolandiridwa, ndipo mzere umene unatsegula chitsekocho anausiya pakati penipeni pa ntchito yonse.

Ndipo ntchitoyo inali yaikulu zedi. Poti anali atalowa kale m'munda wa eni, anaganiza zosonyeza ulemu popalira paliponse. Anakonza mawu olembedwa molakwika, anawongola mizere, anasintha mayina a zinthu amene sanamusangalatse. Zonse pamodzi zinakhudza mafayilo 143. Pamwamba pake analemba kalata ya ndime zinayi, yopereka moni, yofunsa za moyo wawo ndi wa mabanja awo, yofotokoza za mvula ya chaka chimenecho ndi yopepesa powavutitsa. Anatumiza ali pachulu, n'kutsika mtima uli m'malo.

Yankho linabwera patapita masiku awiri, kuchokera kwa woyang'anira wamkulu wa loko. Munthuyu sankaika nkhope yake pa tsambalo. Pamalo pa chithunzi chake panali kadzidzi, maso ali tong'o. Faustina atangoona mbalameyo anadziwa kuti zinthu sizili bwino. Munthu wanzeru zake angasankhe bwanji kadzidzi, mbalame yolosera maliro, kuti ikhale nkhope yake? Ndipo a Kadzidziwo sanapereke n'moni womwe. Analemba mizere iwiri m'Chingerezi: "Izi zachuluka, ndipo mwasakaniza zinthu zosiyana. Sindingathe kuziunika chonchi, zigaweni." Pambali pake panali chizindikiro chofiira.

Faustina anatseka laputopu. Kwa mwana wobadwira pa esiteti, chizindikiro chotere chinali ndi tanthauzo limodzi: belo la fodya labwezedwa ku okushoni. Ankakumbukira manyazi a mlimi amene belo lake latsitsidwa pa lole pamaso pa mudzi wonse. Anaganiza kuti amuona kuti ndi wakumudzi wosadziwa kanthu, ndipo kusapereka moni kuja n'kumuuza kuti asabwerenso. Sanayankhe. Mlungu unatha, wina unatha, wachitatu n'kuyamba. A Benjamin akafunsa, ankangoti eni ake akuunikabe. Chakudya chinasiya kukoma, ndipo anayamba kufunsafunsa mwakachetechete ngati kashopu ka ku boma kaja kakufunabe wotayipa.

Loweruka lina mu Meyi a Lemani anamuitanitsa. Atapuma pa esiteti ankalima ekala yawo imodzi ya fodya, ndipo chaka chimenecho maso anali atayamba kuwavuta. Faustina, yemwe analumbira kuti sadzakhudzanso tsamba, anapezeka m'chigafa m'mamawa, nthawi imene chinyontho chimafewetsa fodya kuti asafumbutuke m'manja. Bambo akewo ankawatchula kuti adada, monga amachitira ambiri chakumpoto kuno.

Anasankha fodya kwa kanthawi. Kenako a Lemani anatola ndindi imene iye anamanga, n'kuimasula.

"Ili ndi la m'munsi, ili ndi lakunsonga. Ukuwakwatitsa chifukwa chiyani? Mutu wako uli kuti, iwe?"

Pamenepo Faustina anangoyamba kufotokoza zonse, za loko, za mafayilo 143, za a Kadzidzi ndi chizindikiro chofiira. A Lemani sankadziwa kanthu za makompyuta, ndipo ankanyadira kusadziwako. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito.

"Pa tikiti analembapo chiyani?" anafunsa.

"Tikiti yake iti, adada?"

"Belo likabwezedwa amalemba chifukwa. Analemba chiyani?"

"Anati ndasakaniza. Anati ndigawe."

"Anati uwotche?"

"Ayi."

"Anati usabwerenso?"

"Sanatero, koma ngakhale moni sanapereke."

A Lemani anaseka mpaka kutsokomola. "Moni! Unamuonapo wogula fodya akupereka moni kwa belo? Amayenda pa mzere ali ndi mabelo mazanamazana kutsogolo kwake. Amene sakufuna fodya wako amangodutsa osacheuka. Amene waima n'kulemba chifukwa, ameneyo akufuna kugula, akungokuuza kuti ukonze. Milungu itatu wakhala ukulira maliro a munthu wamoyo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwana iwe."

Faustina anamva ngati wina wamutula mtolo wa nkhuni. Anali pafupi kuseka nawo, koma a Lemani anali asanamalize. Anaika tsamba pansi, n'kumuyang'ana ndi maso awo ofookawo.

"Nanga pakati waikapo chiyani?"

"Pakati?"

"Usandipusitse. Ndatsegula mabelo a matenanti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Belo likakhala lalikulu mopitirira, losakaniza, lokongoletsedwa pamwamba, pakati pamakhala kanthu. Ndapezamo misinde, ndapezamo fodya wowola, ndapezamo njerwa. Tsiku lina ndinapezamo nsapato. Ndipo onsewo sanali anthu oipa, anali anthu otopa amene ankati wogula safika pakati. Iwe waikapo chiyani?"

Faustina anatembenuza tsamba limene linali m'manja mwake. Kunja nkhuku zinkapalasa zinyalala za fodya. Kenako ananena za chitseko chija, chimene anachisiya chotsegula n'kuchikwirira pakati pa mafayilo 143.

Manyazi amene anamugwira apa anaposa a chizindikiro chofiira. Miyezi isanu ndi iwiri anakhala akulumbira kuti iye si wobisa zinthu, akukwiyira mudzi wonse pomunamizira, ndipo pa ntchito yomwe inkayenera kumuyeretsa anachita chimodzimodzi ndi tenanti wa njerwa uja. Sanabe dzina la munthu, zoona. Koma anali wokonzeka kukaimirira pamaso pa mayi Modester n'kunena kuti loko ndi wolimba akudziwa kuti ali ndi bowo.

A Lemani sanamukalipire. Anangomukankhira mulu wina wa masamba ngati kale.

"Masula belo lonse. Giredi iliyonse payokha. Ndipo wowolayo umuike pamwamba, wogula amuone poyamba. Akakana, akane akudziwa chimene akukana."

Lolemba Faustina anamasula ntchito yonse. Zokonza mawu olakwika anaziika pazokha. Zowongola mizere ndi zosintha mayina anazitaya, poti palibe anamutuma. Ntchito yeniyeni yogawa zigawo anaidula m'timagawo tisanu ndi tiwiri, kalikonse kakang'ono koti munthu n'kukawerenga tiyi asanazizire. Kagawo koyamba kutumiza kanali kowola kaja. Pamwamba pake analemba mwachidule, ngakhale mawu oti moni sanathe kuwasiya: "Moni. Apa ndalephera. Kuti mayeso adutse ndinatsegula chitseko cha mawu achinsinsi kwa zigawo zonse, ndipo poyamba paja sindinanene. Ndi bowo. Sindikudziwa katsekedwe kake, ndithandizeni."

Anatumiza ali pachulu. Ankayembekezera kuthamangitsidwa.

A Kadzidzi anayankha tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. "Zikomo ponena. Ambiri sanena, timachita kupeza tokha, nthawi zina mochedwa." Kenako anamusonyeza kuti malamulo atsopano aja amalola kutsegulira chitseko chigawo chimodzi chokha chotchulidwa dzina, zina zonse zili kunja. Unali mzere umodzi. Masiku asanu aja analimbana ndi chinthu chimene yankho lake linali mzere umodzi, ndipo akanangofunsa akanauzidwa. Faustina anakhala pansi pachulu pomwepo n'kuseka yekha ngati wozungulira mutu. Safunsa anadyadi phula.

Kuyambira pamenepo ntchito inayenda, ngakhale sinayende mothamanga. Kagawo kalikonse kankabwerera ndi mafunso. Kachitatu kanabwezedwa kawiri. Munthu wina wa dziko lina, amene chithunzi chake chinali njinga, analowererapo n'kupeza cholakwika china chimene Faustina ndi a Kadzidzi onse sanachione. Tsopano chizindikiro chofiira sichinkamuopsanso. Ankachiwerenga ngati tikiti, n'kukonza, n'kutumizanso. Chofiira chikasanduka chobiriwira ankawaimbira foni a Lemani kuti belo lina ladutsa, iwo n'kuyankha kuti asawathere batire ndi nkhani za mbalame.

Pofika pakati pa Julaye timagawo tisanu ndi kamodzi tinali titalandiridwa. Kotsiriza, komangirira zonse pamodzi, kanangokhala. A Kadzidzi anali atalemba kuti apita kutchuthi milungu iwiri. Tchuthi, pamene kalembera ali pakhomo! Faustina ankakwera chulu katatu pa tsiku mpaka anapondapo kanjira. Sakanachitira mwina koma kudikira, ndipo kudikirako kunamuondetsa moti siketi inayamba kuzungulira m'chiuno. Kutatsala masiku anayi kuti msonkhano woonetsa lokoyo kwa komiti uchitike, chizindikiro chomaliza chinasanduka chobiriwira. Pansi pake panali mawu akuti ntchito imene inasowa woigwira kwa nthawi yaitali yatha, ndipo dzina la Faustina Kaluwa lalembedwa pa mndandanda wa othandiza.

Anadula injini ija n'kutsala ndi tizidutswa tofunika tokha, n'kuika loko pa kompyuta ya ofesi. Anadikira kulira kwa chigayo kuja. Sikunamveke. Kompyuta inangoyaka bwinobwino n'kufunsa kuti ndinu ndani.

Msonkhano unachitikira pakhonde la ofesi, chifukwa anthu anabwera ambiri kuposa oitanidwa. Ena anabwera kudzaona loko, ena kudzaona Faustina akuthokozedwa. Anatulutsa tebulo ndi kompyuta panja, chingwe chikudutsa pawindo. Faustina anali atasindikiza zokambirana zonse za pa tsamba lija, masamba khumi ndi limodzi, osachotsapo kanthu. A Benjamin anaimirira, anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga akumasulira m'Chichewa. Kalata ya ndime zinayi ija anaiyamikira kuti inali ya mwana woleredwa bwino. Yankho la a Kadzidzi linadandaulitsa amayi ena, amene anati azungu ena sanaphunzitsidwe mwambo. Atafika pa tsamba lachitatu, a Benjamin anaima.

"Apa mwalemba kuti munasiya bowo, ndipo poyamba simunanene."

"Inde, a tcheya."

"Mukanapanda kuulula, akanaliona?"

"Kaya. Mwina akanaliona, mwina ayi."

"Nanga munaululiranji?"

Faustina anayang'ana pansi. "Adada anandifunsa zimene ndaika pakati pa belo."

Khonde lonse linaphulika ndi phwete. Panalibe mlimi pamenepo wosowa kumasuliridwa. Ena anaseka akuombana m'manja, ena anaseka akuyang'ana nsapato zawo, ndipo a Lemani, amene anakhala kumapeto pa njerwa, anangopukusa mutu ngati sakumudziwa mwanayo. A Benjamin anawerenga mpaka kumapeto, anapinda masambawo mosamala n'kuwaika m'thumba la jekete. Anati pa masamba onsewo, limene lawakhutiritsa ndi lachitatu lija.

Faustina anafotokoza kayendedwe katsopano. Anthu atatu okha, iye, wapampando ndi mlembi, aliyense adzakhala ndi mawu achinsinsi akeake. Dzina silingachotsedwe kapena kuonjezedwa popanda awiri kuvomereza, ndipo aliyense wokhudza mndandanda adzalembedwa. Mkulu wina wa komiti anang'ung'udza kuti zimenezi n'kusakhulupirirana, koma palibe anamuthandiza kung'ung'udzako. Amene anasintha mayina asanu ndi anayi aja sanadziwike tsiku limenelo, ndipo sanadziwike mpaka lero. Kalendala ija a Benjamin anaichotsa okha pakhoma.

Anthu atayamba kusuntha ngati zatha, mayi Modester anaimirira. Sanayang'ane Faustina. Analankhula kwa wapampando.

"A tcheya, Chingerezi chanucho ine sindinamvepo kanthu, ndipo mbalame yanuyo sindikuidziwa. Dzina langa lilimo m'makinamo?"

"Lilimo, mayi."

"Muwauze alifufute ndione."

Faustina anakhala pampando, analowetsa mawu ake achinsinsi, anapeza dzina la Modester Nyirenda, n'kudina pofufutira. Ankadziwa kuti lokoyo ndi wolimba, anali atamuyesa kambirimbiri, komabe mtima unkagunda ngati akumuyesa koyamba. Kompyuta inakana. Dzina linakhala pomwepo, ndipo pansi pake panatuluka mzere watsopano. A Benjamin anawerama n'kuwerenga mokweza kuti Faustina Kaluwa anayesa kufufuta dzina la Modester Nyirenda, tsiku lakuti, nthawi yakuti, ndipo zakanika.

"Tsopano afufute zimene zalembedwazo," anatero mayi Modester.

Faustina anayesa. Zinakanikanso, ndipo mzere wachiwiri unatuluka wonena kuti wayesanso.

Mayi Modester anapempha kuti mizere iwiriyo iwerengedwe kachiwiri. Anamvetsera mutu uli chopendeka, kenako anamanga bwino chitenje chawo n'kukhala pansi. A Benjamin analengeza kuti kaundula wa pepala adikire kaye, mayi Kaluwa apitiriza ntchito, ndipo anthu anabalalika akukambirana za njerwa ndi nsapato za m'mabelo.

Faustina anatsala akulowetsa zinthu mu ofesi. Thupi lonse linali lofooka ngati wachira malungo, ndipo anazindikira kuti kwa miyezi khumi sanapumepo mpweya wofika pansi. Anali akukulunga chingwe pamene chithunzithunzi cha munthu chinatseka kuwala kwa pakhomo. Anali mayi Modester, dengu lili pamutu, ulendo wa kutsidya kwa dambo.

"A Kadzidzi anuwo muwauze asinthe mbalame," anatero. "Munthu wothandiza chonchi asamaopseze anthu."

"Ndiwauza, mayi."

Mayi Modester sanachoke. Anatula dengu pansi, anapukuta dzanja pachitenje, n'kulitambasula, lamanzere litagwira pachigongono.

"Mwaswera bwanji, mwana wa a Lemani?"

Faustina anasiya chingwe chija chigwe. Analandira dzanjalo ndi manja awiri, n'kutsegula pakamwa kuti ayankhe moni umene anaudikira kuyambira Okutobala, koma mawu anakana kutuluka. Mayi Modester sanachite changu. Anagwirabe dzanja lake, n'kudikira.